Galu akadwala kwambiri: mafunso ndi mayankho pa zakudya, zitsamba ndi kudwazika pakhomo

Ndakhala ndikuweta agalu kuno ku Blantyre kwa zaka zambiri, poyamba ku Chilomoni, pano ku Machinjiri. Sindine dokotala wa ziweto. Awa ndi mafunso amene aneba ndi anzanga amabwera nawo kwathu galu wawo akagona osadzuka. Mayankho ake ena ndinawapeza ndikudwazika agalu anga, ena ndinachita kuuzidwa ndi a vetenale nditalakwitsa kale.

Galu wanga wasiya kudya, akungogona. Ndiyambire pati?

Musathamangire mankhwala, yambani mwamuyang'ana. Tukulani mlomo wake muone nkhama. Galu wabwinobwino nkhama zake zimakhala zofiirira ndi zonyowa. Zikayera ngati pepala ndiye kuti magazi achepa, zikakhala zachikasu ndiye kuti chiwindi chavutika kapena magazi akuwonongeka. Kenako tsinani khungu la pamsana ndi kulisiya. Likabwerera msanga, madzi alimo m'thupi. Likatsala litaima, galuyo wauma. Onani mkodzo ndi chimbudzi chake. Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi, chipakeni Vaseline ndi kuchilowetsa pang'ono kumbuyo. Galu amatentha kuposa munthu, madigiri 38 mpaka 39 ndi pang'ono ndi abwinobwino, koma zikafika 40 musachedwe, pitani naye kwa dokotala.

Ndinali ndi galu wamphongo dzina lake Kambuku. Chaka china mvula itangoyamba anasiya kudya, nsima yake n'kumauma m'mbale. Ndinamuphikira masamba a nimu n'kumamumwetsa m'mawa ndi madzulo kwa masiku anayi, poganiza kuti ndi malungo wamba. Tsiku lachisanu ndinamuona akukodza pafupi ndi mpanda, mkodzo wake uli bii ngati tiyi wopanda mkaka. Nditafika naye kwa adokotala, anamubaya pang'ono kunsonga ya khutu, n'kuika kadontho ka magazi pakagalasi, ndipo posakhalitsa anandiuza kuti ndi matenda a nkhupakupa amene amaphwanya magazi. Kambuku anapulumuka, koma anatenga mwezi wathunthu kuti ayambenso kuuwa, ndipo masiku anayi aja ndi amene anamufoola chotero. Kuyambira pamenepo sindipatsa galu mankhwala alionse ndisanadziwe dzina la matenda ake.

Ndiye kuti zitsamba zilibe ntchito?

Zina zili nayo, koma ntchito yake ndi yothandizira. Maungu ophika, osathira mchere, amakonza m'mimba mwa galu amene akutsegula pang'ono kapena wadzimbidwa. Uchi weniweni umathandiza pabala lotsukidwa bwino. Mafuta a nsomba amapindulitsa khungu ndi mawondo a galu wokalamba. Ufa wa chamwamba, kutsina pang'ono n'kuwaza m'chakudya, uli ngati ndiwo zamasamba basi. Palibe mwa izi chimene chimapha tizilombo ta m'magazi kapena kusungunula chotupa.

Zina ndiye ndi zoopsa ndithu. Madzi achikasu owawa a alovera amatsegula m'mimba, ndipo galu wouma kale mukumuwonjezera kuuma. Fodya amene ena amaviika kuti aphe nyongolotsi ali ndi poizoni wonjenjemeretsa. Adyo, amene anthufe timamutama kwambiri, amawononga magazi a galu, chimodzimodzi anyezi. Tangoganizani kupereka adyo kwa galu amene nkhupakupa zamutha kale magazi. Ombwe amene alimi amasambitsira ziweto ndi yemwe uja amapha nsomba m'madzi, choncho galu wofooka, wa zilonda, amene adzinyambita mukangotembenuka, musamusambitse nawo.

Palinso mabotolo amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, oti amachiza chilichonse kuyambira shuga mpaka khansa, kwa munthu ndi chiweto chomwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama ya botolo limodzi lotere ingathe kukuyezetserani magazi a galu. Ndipo ngati mwamupatsa kale chitsamba china, auzeni adokotala osabisa, chifukwa zimawathandiza kudziwa chimene chavutitsa chiwindi kapena impso.

Ndalama ndilibe. Ndipite kuti?

Mu mzinda muno muli bungwe losamalira ziweto la Blantyre SPCA, muli madokotala a ziweto oyima paokha, komanso a vetenale a boma. Yambani mwafunsa mtengo wa kuyeza kokha, ndipo nenani poyera kuti m'thumba muli zingati. Dokotala akadziwa zimenezo amasankha chofunika kwambiri n'kusiya zina.

Chimene ndikupemphani ndi chakuti musagule jekeseni wa ng'ombe n'kumubaya nokha. Jekeseni wa ng'ombe wotchedwa Berenil amachizadi matenda ena a nkhupakupa, koma kwa galu mlingo wochiza ndi mlingo wopha zayandikana kwambiri. Mukapyola pang'ono, kapena kubwereza masiku oyandikana, amawononga ubongo, galu n'kuyamba kuzungulirazungulira mpaka kufa. Amafunika kuyezedwa pasikelo kaye. Komanso matenda a nkhupakupa ali mitundumitundu. Mtundu wina umafuna mapiritsi a doxycycline kwa masiku 28, ndipo ambiri amasiyira panjira galu akangoyamba kudya, matenda n'kubwereranso.

Ndimuphikire chiyani?

Galu wodwala safuna mkute wa dzulo ndi msuzi wotsala. Msuzi wathu umakhala ndi anyezi, mchere ndi mafuta ambiri, zonse zomulemetsa. Muphikireni payekha.

Chimene chimandithandiza ine ndi mpunga wophika mpaka kufewa ngati phala, wosakaniza ndi nyama ya nkhuku yowiritsa, yochotsa khungu ndi mafupa. Mpunga ukhale magawo awiri, nyama gawo limodzi. Nkhuku ikavuta, dzira lowiritsa limalowa m'malo bwinobwino. Mpunga ukavuta, phala la ufa woyera kapena mbatata yophika n'kuifinya. Madzi amene mwawiritsira nkhuku musataye, yengululani mafuta apamwamba n'kuthira m'chakudyamo kuti chinunkhire. Galu amadya ndi mphuno, n'chifukwa chake chakudya chofunda pang'ono amachilandira msanga kuposa chozizira.

Mupatseni pang'onopang'ono, kanayi kapena kasanu patsiku, kuyambira masipuni awiri atatu. Mbale yodzaza imamugwetsa ulesi, ndipo akadya yonse nthawi imodzi amasanza. Kwa amene akuchira ku vuto la magazi, kachiwindi ka nkhuku kapena ka ng'ombe kophika, kanthuli kakang'ono kawiri kapena katatu pasabata, kamathandiza. Chochuluka chimatsegula m'mimba.

Chakudya cha mpunga ndi nkhukuchi ndi cha masiku ochepa a matenda. Sichikwanira kukhala chakudya cha miyezi, makamaka kwa ana agalu amene mafupa awo akukula. Matenda akakhala a nthawi yaitali, funsani adokotala zoti muwonjezeremo.

Mawu amodzi pa gaga ndi madeya. Ambirife timadyetsa agalu nsima ya gaga, ndipo palibe cholakwa ngati pali ndiwo zomanga thupi. Koma nunkhizani thumbalo. Gaga wosungidwa ponyowa, kapena wochokera ku chimanga chowola, amachita chuku, ndipo chuku chimawononga chiwindi cha galu mwakachetechete. Kuphika sikuchotsa poizoni wake. Mtedza wowola ndi chimodzimodzi.

Akukana ngakhale madzi, ndipo akusanza. Nditani?

Madzi ndi ofunika kuposa chakudya. Galu wa makilogalamu 10 amafuna madzi opitirira pang'ono theka la lita patsiku, ndipo akamasanza kapena kutsegula amafuna oposa pamenepo. Sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira. Ngati mulibe, thirani masipuni a tiyi asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la sipuni ya mchere mu lita imodzi. Tengani sirinji yopanda singano, ilowetseni cham'mbali mwa mlomo, kuseri kwa mano aatali aja, ndi kumathira pang'onopang'ono akumeza yekha. Mutu ukhale mmene amakhalira akamamwa, musaupendeketse chagada. Bwerezani pakapita mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu.

Galu amene sakutha kudzutsa mutu kapena kumeza musamumwetse, madziwo amalowa m'mapapo. Amene akubweza chilichonse chimene mwamupatsa wafika pofuna diripi, ndipo palibe cha pakhomo chimene chingalowe m'malo mwake. Mkaka usiyeni, agalu akuluakulu ambiri umawatsegula m'mimba.

Adokotala akuti impso zake zafooka. Usipa ndi wabwino?

Kwa galu wathanzi usipa ndi ndiwo yabwino ndi yotsika mtengo. Kwa wa impso ayi. Usipa, bonya ndi matemba timadya ndi minga zomwe, ndipo m'mingamo muli mchere wa phosphorous wambiri umene impso zofooka zimalephera kutulutsa. Ukachuluka m'magazi galu amachita mseru, amawonda, ndipo impso zimawonongeka mofulumira. Mafupa, chiwindi ndi zam'kati nazo zichepe kwambiri. Choyera cha dzira lowiritsa ndi chabwino kwa galu wotere, pamodzi ndi mpunga, mbatata, maungu ndi nyama yochepa. Musathire mchere. Ndipo musamumane madzi poona kuti akukodza pafupipafupi, kumwa kwambiriko ndi kumene kukumusunga. Ikani mabeseni awiri kapena atatu pamalo osiyana, makamaka mwezi wa Okutobala dzuwa likamaswa mtengo.

Ndi zakudya ziti zoti asalawe n'komwe?

Anyezi ndi adyo ndanena kale. Onjezani mphesa, zouma zomwe zija za m'makeke, chifukwa zimatha kupha impso. Chokoleti, khofi, mowa wamtundu uliwonse, masese omwe. Mtedza wa makadamiya, umene umalimidwa kwa aneba athu ku Thyolo, umafoola miyendo yakumbuyo ndi kunjenjemeretsa. Mafupa ophika a nkhuku amathetheka n'kubaya matumbo. Chitsononkho cha chimanga ndi nthangala ya mango zimatseka matumbo mpaka kufuna opaleshoni. Zonona zotsala pachiwaya zingamuyambitsire kusanza koopsa.

Akumva ululu. Ndingamupatse Panado kapena Brufen?

Brufen, diclofenac ndi Indocid ayi, ngakhale theka. Amaboola zilonda m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, ndipo chizindikiro chake ndi chimbudzi chakuda ngati phula. Panado amaperekedwa kwa galu nthawi zina, koma ndi dokotala yekha amene angawerengere mlingo molingana ndi kulemera kwake ndi mmene chiwindi chilili. Kwa mphaka, Panado ndi imfa. Alipo mankhwala a ululu opangidwira agalu, afunseni. Galu salira kawirikawiri akamamva kupweteka. Amabisala, amapuma mwawefuwefu atangogona, amakana kugwidwa pamalo ena, kapena amasiya kukulandirani pageti.

Ena akuti chamba chimathandiza galu wa khansa.

Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, ndipo kuyambira pamenepo nkhani zake zachuluka. Koma chamba cha m'makwalalamu chili ndi mphamvu yoledzeretsa imene galu saipirira ngati munthu. Amadzandira, amadzikodzera, thupi limazizira, ena amakomoka. Musamufukizire utsi, musamuphikire m'chakudya.

Ndikuganiza kuti amudyetsa tameki. Mkaka ndi makala zithandiza?

Tameki, poizoni uja ambiri amaphera makoswe, sapereka nthawi. Galu amatuluka dovu lambiri, minofu imanjenjemera, amasanza ndi kutsegula, timaso takuda tija timachepa ngati nsonga ya singano. Chomupulumutsa ndi jekeseni wa atropine, ndipo mphindi iliyonse imene mukusinja makala a pambaula ndi yotayika. Makala athuwa si ofanana ndi makala a kuchipatala okonzedwa kuti ayamwe poizoni. Mkaka, mazira aawisi ndi mafuta ophikira sizichotsa poizoni, ndipo kuthira zinthu m'kamwa mwa galu amene akuphupha kumamutsamwitsa. Mukulungeni m'chiguduli, valani mapepala apulasitiki m'manja, imbani foni muli panjira. Masanzi ake ndi nyama yotsalayo kwirirani mozama kuti ana, nkhuku ndi agalu ena asazikhudze.

Kamwana kagalu kakutsegula magazi onunkha kwambiri. Ndi chiyani?

Kawirikawiri ndi kachilombo kotchedwa parvo, makamaka ngati sikanabayidwe katemera. Palibe mankhwala opha kachilomboka. Amene amapulumuka ndi amene alandira madzi okwanira, mankhwala oletsa kusanza ndi oteteza ku matenda ena olowerapo, mpaka thupi litadzimenyera lokha. Kapatuleni kwa anzake. Tsukani pansi ndi mbale ndi Jik, gawo limodzi m'magawo 20 a madzi, muchotse zonyansa kaye ndipo musiye ponyowa kwa mphindi khumi. Pa dothi kachilomboka kamakhala miyezi yambiri, choncho musafulumire kubweretsa kamwana kena kosabayitsa. Katemera amayamba kali ndi masabata 6 mpaka 8 ndipo amabwerezedwa.

Ali ndi chotupa chotuluka magazi kumaliseche. Ndi khansa yosachizika?

Apa pali nkhani yabwino. Agalu oyendayenda a m'mataunishipi athu amapatsirana chotupa china pokwerana, chooneka ngati kolifulawa, chodontha magazi. Chimaopsa kuchiona, koma ndi chimodzi mwa zotupa zimene zimamva mankhwala bwino kwambiri. Jekeseni wa vincristine wa mumtsempha, kamodzi pasabata kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, amachiza agalu ambiri. Ndaonapo anthu akutaya galu chifukwa cha ichi, ena akupaka phulusa ndi zitsamba kwa miyezi, ndipo zimandipweteka mtima. Akachira, mutheneni kapena mumutseketse kuti asamayendeyende.

Zotupa zina, monga za m'mawere a galu wamkazi wokalamba, zimafuna opaleshoni zikadali zazing'ono. Palibe chakudya chimene chimasungunula khansa. Kumumana chakudya poganiza kuti mukupha chotupa ndi njala kumangomuwondetsa. Mudyetseni bwino.

Nanga mphere ndi zilonda? Ena amapaka oyilo wakuda wa galimoto.

Chonde musatero. Oyilo amawotcha khungu, amalowa m'thupi, ndipo galu amamunyambita. Mphere zili ndi mankhwala ake kwa a vetenale ndipo zimatha. Bala litsukeni ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, sipuni ya tiyi imodzi mu theka la lita, metani ubweya wa m'mbali, kenako pakani uchi n'kumanga ndi nsalu yoyera. Sinthani tsiku lililonse. Bala lakuya, lonunkha kapena la mphutsi likufuna dokotala.

Sakutha kudzuka. Ndimusamalire bwanji?

Apa ndiye pamene chikondi chimaonekera, chifukwa ntchito yake ndi yonyansa ndi yotopetsa. Musamugoneke pa simenti kapena pa dothi. Yalani makatoni, pamwamba pake bulangete lakale kapena zovala zakutha zoti muzichapa. Mutembenuzeni maola anayi alionse kuti m'chiuno ndi m'mapewa musachite zilonda. Akadzikodzera mupukuteni ndi madzi ofunda, muumitse, ndi kupaka Vaseline m'ntchafu kuti mkodzo usamuwotche. Pomutulutsa panja, pisani thawulo kapena chitenje pansi pa mimba yake n'kugwira nsonga zonse ziwiri, iye aziyendetsa yakutsogolo. Kambuku ndinkamutulutsa chotero m'mawa uliwonse, ndipo tsiku limene anakoka chitenjecho kulunjika kumpanda ndinadziwa kuti wabwerera.

Nyengo ya mvula chenjerani ndi ntchentche zija zimaikira mazira pa dothi la mkodzo ndi pa nsalu zonyowa. Mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kupanga tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati. Tsekani kabowoko ndi Vaseline, dikirani pang'ono, kenako finyani mofatsa mphutsi ituluke yathunthu. Zogonera zake ziume bwino ndipo muzisite ngati mungathe. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, galu wodwala amazizidwa msanga. Mulowetseni m'khitchini kapena m'stolo, muikireni botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu. Mbaula yamoto m'chipinda chotseka ayi, utsi wake wosaoneka umapha galu ngati mmene umaphera munthu.

Akutuluka dovu, akulephera kumeza, ndipo khalidwe lake lasintha.

Imani kaye, musalowetse dzanja m'kamwa mwake kufunafuna fupa. Chiwewe sichibwera ndi ukali nthawi zonse. Galu wina amangofatsa, chibwano chili lende, mawu atasintha, miyendo ikufooka. Ngati sanabayidwe katemera wa chiwewe, kapena analumidwa ndi galu wachilendo masabata apitawa, mutsekereni pamalo poti sangatuluke, ana atalikire, ndipo itanani a vetenale. Chiwewe chikaonekera sichichizika, kwa galu ngakhale kwa munthu, ndipo palibe chitsamba choyesera.

Amene walumidwa, kukalidwa, kapena malovu amugwera pabala, atsuke ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu kwaulere mu Blantyre, pofuna kufikira agalu 70 mwa 100 alionse, chifukwa pamenepo matendawa amaleka kufala. Kapepala ka katemerako kasungeni bwino, tsiku ngati ili ndi kamene kamayankha mafunso.

Ndidziwa bwanji kuti nthawi yomulola kupita yakwana?

Anthu adzakuuzani kuti galu ndi galu, bwanji mukuwononga ndalama. Ena adzati mungomutaya kuthengo kapena kumtsinje wa Mudi. Amene sanalandiridwepo pageti ndi galu kwa zaka khumi sangamvetse, ndipo simuyenera kuchita manyazi ndi chisoni chanu.

Ine ndimawerenga masiku. Ndimalemba pakalendala tsiku labwino ndi tsiku loipa. Labwino ndi limene wadya, wagwedeza mchira, wagona tulo. Oipa akachuluka kuposa abwino, akamakana madzi, akamavutika kupuma, mankhwala a ululu atasiya kugwira, ndipo adokotala anena kuti kuchira kulibe, kumusunga kumakhala kwa ife osati kwa iye. Pali jekeseni amene dokotala amabaya mumtsempha, galu amagona tulo ndipo mtima umaima pa mphindi zochepa, osamva kuwawa. Mungathe kukhala naye pomwepo mutamugwira mutu, ndipo madokotala ena amavomera kubwera kunyumba. Tameki, chingwe kapena kumusiya kutali ndi imfa zowawa zimene galu wanu sanakulakwireni kuti azione.

Auzeni ana zoona, ndipo amene akufuna kutsanzikana naye muloleni. Pomuika, kumbani dzenje lakuya kupitirira mita imodzi, kutali ndi chitsime, ndipo pamwamba muikepo miyala, chifukwa mankhwala a jekeseni uja amatsalira m'thupi ndipo angaphe galu wina amene angafukule. Mbale ndi zogonera zake zitsukeni ndi Jik musanazipereke kwa galu wina.